Matimu Awiri M'foni Imodzi

"Wandigulitsa iwe. Usandiyang'ane ngati nkhuku yonyowa, wandigulitsa dzuwa likuswa mtengo."

Akapitawo adayankhula motsitsa mawu, chitseko cha kaofesi kawo atachikankha ndi chidendene. Kochi adali chiimire pafupi ndi sikelo yakale, chipewa chili m'manja. Lidali Lolemba m'mawa. Adamuitana kuchokera pageti pomwe aganyu amadikirira kusankhidwa, ndipo iye adalowa akudziwa kale mlandu wake, chifukwa adaugonera masiku awiri.

Akapitawo adamuikira foni pamphuno. Pamndandanda wa ligi ya padepoti, dzina la Kochi lidali pamwamba penipeni. Akalaliki a mu ofesi adali pachiwiri. Akapitawo, amene adakhala pamwamba miyezi isanu yathunthu, adali atatsetserekera pachitatu.

"Kaputeni wako wamwetsa zitatu. Wanga walowa mphindi zitatu zomaliza kudzangotenga khadi lachikasu. Foni ndi imodzi, chala ndi chimodzi, mutu ndi womwewo. Ndiye undiuze kuti ndi ngozi? Kamba amanyeradi amene wamtola."

Kochi adalumbira kuti sadachite dala. Adayamba kufotokoza za malole a Loweruka, koma akapitawo adatsegula chitseko n'kumuuza kuti tsiku limenelo anthu akwana, apite akapume.

Masewera adamupezetsa tsokawa amatchedwa fantase, mpira wa pafoni. Munthu umasankha osewera enieni a ligi yakunja n'kupanga timu yako. Iwo akamwetsa zigoli kumeneko, iwe kuno umakolola mapointi, ndipo amene wamupatsa ukaputeni mapointi ake amawerengedwa kawiri. Nthawi yosintha timu ikatha, mpira usanayambe, ngakhale ulire magazi susinthanso kanthu. Padepoti ya simentiyo adali ndi ligi yawoyawo ya anthu makumi awiri, kuyambira a mu ofesi mpaka onyamula matumba. Mphotho yake kadali kachikho kapulasitiki, komanso ufulu wonyoza anzako chaka chonse.

Kochi sukulu adalekezera panjira, koma za mpira adali mphunzitsi. Ankadziwa wosewera amene bondo likumuvuta, amene wakangana ndi mphunzitsi wake, amene amagona akamasewera koyenda. Dzina la Kochi adamupatsa ndi anzake chifukwa cha zimenezi. Zaka zitatu adakhala akuimirira pageti lija m'mawa uliwonse, kudikira kuti cholembera cha akapitawo chimuloze.

Sizoni itangoyamba, akapitawo adali kumchira ndipo akalaliki ankawaseka pagulu mpaka mlonda adayamba kuwatcha ogwira nyali. Tsiku lina akapitawo adamukokera Kochi kuseri kwa mulu wa matumba, n'kumupatsa pasiwedi ya timu yawo atailemba pa kachidutswa ka pepala la simenti. Adati mkulu wina woyendetsa ngolo apuma ntchito sizoni ikamatha, ndipo malo amodzi a ntchito yokhazikika atseguka. Akawapatsa chikho, fomu ndi yake. Koma pasapezeke munthu wodziwa, ngakhale khoswe wa mudepoti.

Ntchito yokhazikika idali ovolosi, majombo, kulowera pa kakhomo kam'mbali osadikira cholembera, komanso chiphaso cha kuchipatala cha banja lonse. Mwana wa Kochi adali ndi mphumu. Chiphasocho ndiye chidamuvomeretsa.

Kuyambira pamenepo m'foni yake yosweka galasi mudali matimu awiri. Nzeru zabwino zonse ankapereka kwa akapitawo, yake n'kumaiyendetsa pambuyo ngati mwana wotsatira bambo ake kumsika. Akapitawo adakwera mpaka pamwamba n'kuyamba kuphunzitsa anthu mpira pa nthawi yopuma, akubwereza mawu omwe Kochi adawauza dzulo lake. Kochi ankangoweramira kapu yake ya tiyi.

Loweruka lija malole atatu adafika nthawi imodzi. Kochi ali ndi thumba paphewa adamva pa wailesi ya dalaivala kuti Dazi, womwetsa zigoli amene adali kaputeni wa akapitawo, wamva kuwawa ntchafu ndipo ayambira pabenchi. Zidatsala mphindi zinayi kuti nthawi yosintha ithe. Akapitawo eni ake ndiwo adali pakhomo kukuwa kuti ofooka apite kwawo. Kochi adaponya thumba, n'kubisala kuseri kwa lole, zala zili mbuu ndi simenti. Adachotsa Dazi, adaika mnyamata wina amene onse ankangomutcha Wamanzere, adamupatsa ukaputeni, n'kuthamangira thumba lina. Dzina la timu pamwamba pa galasi sadaliyang'ane. M'mawa ali m'minibasi adali atatsegula timu yake, ndipo foni idali idakali momwemo.

Madzulo ake kumalo oonetsera mpira, Wamanzere adamwetsa zitatu, ndipo adamwetsa timu imene Kochi adaikonda kuyambira ali mwana, imene jezi yake adavala tsiku lomwelo. Kochi adalumpha katatu konse. Anzake adamutukwana kuti ndi mfiti yodya ana ake omwe, iye akungoseka, poti mumtima ankawerenga majombo ndi chiphaso. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mpira utatha adatsegula foni ali panjira, n'kuona kuti Wamanzere adamuika mu timu yake yomwe, ya akapitawo idakali ndi Dazi.

Atabwezedwa Lolemba lija adafika kunyumba dzuwa lisanakwere. Mkazi wake adali pakhonde akuchapa zovala za mwana m'beseni, ndipo mwamunayo adakhala pa chidebe chovundikira. Kochi adaulula zonse, kuyambira pa kapepala ka simenti, chifukwa ngakhale mkaziyo adali asakudziwa.

Mkaziyo adafinya kamalaya, n'kukayanika, n'kubwerera.

"Ndiye mukundiuza kuti chiphaso cha mwanayu chinali m'ntchafu ya munthu amene sadziwa n'komwe kuti inu muli ndi moyo?"

"Sizili choncho, mayi a mwana."

"Zili bwanji? Ine ndimati mukamasisita foniyo mukusewera, ndimakusiyani poti simumwa mowa. Osadziwa kuti muli paganyu wachiwiri wopanda malipiro. Mapanga awiri avumbwitsa, bambo a mwana."

Adamuuza kuti apite kwa manijala akanene zonse. Kochi adaseka kuseka kopanda mano. Akanene kuti chiyani? Kuti adalonjezedwa ntchito chifukwa cha mpira wa pafoni? Padalibe pepala, padalibe mboni, ndipo waganyu sachotsedwa ntchito, amangosiya kuonedwa. Mkaziyo adakhuthula madzi a sopo pabwalo n'kunena kuti ndiye apite akapepese, munthu sufa ndi kugwada.

Lachiwiri cholembera chidamudumpha. Lachitatu chidaloza wakumanja kwake ndi wakumanzere kwake. Chowawa kwambiri chidali chakuti anzake ankamugwira chanza, kumutcha a nambala wani, kumufunsa mankhwala amene adagwiritsa ntchito. Mlonda, mkulu wanthabwala, adati, "A Kochi, pafoni muli pamwamba, pageti muli pabenchi. Kodi ntchafu yavuta inunso?" Onse adaseka, iyenso adaseka nawo.

Lachisanu adachita chinthu chimene sadaganizepo kuti angachite. Atakhala pa mwala kunja kwa geti, adaphwasula timu yake ndi manja ake. Wamanzere adamugulitsa. Osewera abwino adawaika pabenchi, adagula ovulala ndi oletsedwa kusewera, ukaputeni n'kupatsa goloboyi amene sadagwirepo mpira chaka chonse. Timu imeneyo adaimanga miyezi isanu ndi inayi, m'minibasi, pamzere wa kuchipatala, pa nthawi yopuma anzake akugona pamatumba. Idatha m'mphindi zisanu.

Adadikira akapitawo poweruka n'kuwatsatira mpaka pamsewu. Adavula chipewa, adapepesa, adawaonetsa foni kuti aone okha kuti iye chikho sakuchifuna. Adati masabata atatu atsala, akalaliki akhoza kugwidwa, iye ali kale ndi pulani.

Akapitawo adayang'ana foniyo ngati akuyang'ana mbale ya eni.

"Mphwanga, ine ndi munthu wamkulu, ndili ndi ntchito. Zamasewera a anazi uzikambirana ndi anzako."

Adakwera minibasi. Kochi atayesa kulowa mu timu yawo adapeza pasiwedi itasinthidwa.

Loweruka adapitabe kukaonera mpira, poti miyendo idazolowera. Timu yake ya pamtima idapambana bwino, anthu adagubuduza mabenchi, koma iye adangokhala ngati ali pamaliro a munthu wosamudziwa. Sadadziwe woti amusangalalire. Adatuluka mpira usanathe.

Lamulungu masana kudabwera Msomali, mnzake wapageti, wamtali wowonda, amene Kochi yemweyo adamuphunzitsa fantase chaka chathachi. Adabwera ndi nthochi za mwana, adakhala pakhonde, adadandaula za cholembera, adazungulira uku ndi uku. Kenako akukanda m'khosi adafunsa kuti kodi munthu atakhala pachitatu, akufuna kupitirira amene ali patsogolo pake m'masabata awiri, angapatse ndani ukaputeni.

Msomali pa ligi adali wachikhumi ndi chisanu ndi chimodzi, pachitatu padali akapitawo.

Kochi adamuyang'ana nthawi yaitali. Msomali adayang'ana nthochi. Kenako adati, "Aise, nanenso ndili ndi ana. Fodya wako ndi amene ali pamphuno." Kochi sadamutukwane. Adamuuza kuti anyamule nthochi zake, ndipo Msomali adazisiya pomwepo n'kumapita. Mkazi wa Kochi adazitola, adasenda imodzi n'kupatsa mwana, osayang'ana mwamuna wake.

Sabata yachiwiri idatha chimodzimodzi. Kochi adayesa kudepoti ina ya kutsidya kwa njanji, koma kumeneko kudali geti lakenso, cholembera chakenso, ndi anthu ake amene adaimapo zaka. Mphumu ya mwana idadzuka Lachinayi, ndipo mkazi wake adakhala pamzere wa chipatala chaulere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwera ndi kapepala koti mankhwala akagule kwina.

Lolemba lachitatu Kochi adafika pageti moyambirira kuposa onse. Anthu adachuluka pang'onopang'ono, manja m'matumba, nkhani ili ya mpira wa dzulo. Akalaliki adali adakali patsogolo pa akapitawo, ndipo chikho chidali chisanapite kwa aliyense. Kenako phokoso lidazilala. Msomali adatulukira pakona atavala ovolosi yatsopano, mizere yopindira ikuonekabe, majombo akulira. Sadaime pageti. Adalowera pa kakhomo kam'mbali, maso ali pansi. Mlonda adanong'oneza kuti mkulu wa ngolo uja adapuma msanga, ndipo fomu idasainidwa Lachisanu.

Ndiye akapitawo sadadikire n'komwe chikhocho. Miyezi isanu ya pamwamba idalibe kanthu, zaka zitatu za matumba zidalibe kanthu, koma masabata awiri a Msomali adakwana. Kochi adadziwa kuti akatsegula pakamwa geti ili latsekeka mpaka kalekale. Adayang'ana getilo, n'kuona kuti lidali lotseka kale.

Akapitawo adatuluka ndi bolodi lawo la mayina, akalaliki ali pambuyo ndi buku. Cholembera chidayamba kuyenda. Iwe, iwe, iwe wachipewa, iwe. Chitafika pa Kochi chidadumpha ngati chadumpha chithaphwi.

Kochi adatuluka pamzere n'kuima pakati pa khomo, pomwe osankhidwa amadutsira. Mlonda adamugwira mkono n'kumunong'oneza kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, azipita kunyumba. Kochi adachotsa dzanjalo mwaulemu. Sadakweze mawu, koma onse adamva, ngakhale dalaivala wa lole adatsitsa wailesi.

"Akapitawo, zaka zitatu ndili pano. Ndinajombapo tsiku liti? Ndinang'ambapo thumba liti? Akalaliki ali ndi buku apo, atsegule."

Akapitawo adauza mlonda kuti amuchotse munthuyo, malole akudikira. Mlonda sadasunthe. Akalaliki adatseka buku lawo pang'onopang'ono, akuyang'ana akapitawo ndi maso achidwi.

"Ngati ndi ntchito, tchulani chimene ndinalakwa, ndichoka ndekha. Ngati ndi mpira, nenani kuti ndi mpira, anthuwa amve amene amakusankhirani timu kuyambira muli kumchira. Mwana wanga akubanika kunyumba chifukwa cha kachikho kapulasitiki."

Cholembera chidali chidakali m'mwamba, chosaloza munthu.

"Sindisuntha pakhomo pano, bwana. Mwandisiyiranji? Yankhani."