Valavu Yomwe Chester Anamanga

Chaka chimenecho mvula inagwa bwino ku Mulanje, tiyi n'kuphuka moti fakitale ya pa esiteti sinkapuma. Chester Namakhwa ndiye anali makaniko woyang'anira boyila, chimphika chachitsulo chomwe nthunzi yake inkayendetsa makina onse. Pamwamba pake panali valavu. Nthunzi ikachuluka kupyola muyeso, valavuyo inkatseguka yokha n'kuilavulira kunja kuti chitsulo chisaphulike.

Sabata ina valavuyo inayamba kulira pafupipafupi, ndipo ikalira makina ankafooka. Masamba anaunjikana, ena n'kuyamba kufiira. Kapitawo, nkhope itakwinyika, anapeza Chester.

"Bwana akufunsa. Kodi chinthu chanuchi simungachitontholetse?"

Chester ankadziwa chofunika: kuzimitsa moto, kumasula valavu, kuitsuka n'kuiyesa. Koma imeneyo inali ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo analibe mtima wokauza bwana mzunguyo kuti makina aime. Anthu atatuluka kukadya masana, anakwera pamakwerero ndi sipanala n'kumanga valavuyo zolimba. Inakhala chete. Anadziuza kuti adzaikonza Lamlungu.

Lamlungulo lisanafike, paipi ya m'mbali inang'ambika, nthunzi n'kumwazikira munthu wosonkhezera moto. Munthuyo anali Pilato, mlongo wake wa Enifa, mkazi wa Chester. Ntchitoyo anamupezera ndi Chester yemweyo.

M'mawa mwake, chitsulo chitazizira, Chester analawirira n'kukabwezera valavu momwe inalili.  Azungu odzafufuza ataiyesa anaipeza ili bwino. Anagamula kuti paipi inali yokalamba, komanso wosonkhezera anachulutsa nkhuni.

Pilato anatuluka m'chipatala zala zitakhwinyata, diso limodzi litafa, n'kubwerera kwawo ku Limbuli. Enifa ankakakamiza mwamuna wake kuti akamuone, iye n'kumazemba, mpaka zifukwa zinamuthera. Anakwera njinga n'kupita.

Anamupeza pakhonde akuyesa kutong'ola chimanga ndi zikhatho.

"Alamu, mwabwera," anatero Pilato. "Ndimaopa kuti mwandikwiyira."

"Ndikwiyirenji?"

"Ndakuchititsani manyazi. Inu munandilankhulira kwa azungu, ine n'kukawononga boyila yanu. Ndimaganiza ndithu, koma sindikumbukira kuti nkhunizo ndinachulutsa liti. Mundikhululukire."

Chester anatsala pang'ono kuulula za valavu ija. Anayang'ana mkazi wa Pilato amene ankapeta chapafupi, anayang'ana ana, anaganiza za Enifa ndi za ndende ya ku Zomba. 

"Zinachitika basi, alamu," anatero motsitsa. "Khasu lanu lili kuti?"

Tsiku limenelo anapalira munda wa Pilato mpaka m'manja munatuluka matuza. Kuyambira pamenepo ankapita Loweruka lililonse akaweruka. Anafolera nyumba, anakolola, anamanga nkhokwe. Kufakitale anasanduka munthu wovuta: akangokayikira kanthu ankazimitsa moto, kapitawo alalate, asalalate.

Anthu a ku Limbuli anayamba kumutchula akamalangiza akamwini awo. Tsiku lina atapita kutchalitchi ndi banja lonse, Pilato anaimirira pamaso pa mpingo, nakweza manja ake opunduka aja, n'kuthokoza Mulungu pomupatsa mlamu woposa m'bale. Mpingo unavomera. Enifa anagwira mwamuna wake pamkono monyadira, ndipo Chester anaweramitsa mutu ngati akupemphera.