Diresi la Mimba pa Telefoni ya Tiya Delfina

Sabata yonse anthu ku Furancungo akhala akunong'onezana kuti mana Iolanda, mkulu wanga, ali ndi mimba. Ine nkhani ndimazikonda, sindikana, koma iyi yandisokoneza mutu, chifukwa mimbayo ndinaimanga ndine.

Azakhali athu, Tiya Delfina, amagulitsa kalamidadi pamsika, zovala za m'mabelo zija. Zabwinozabwino sayala pansi ayi, amazijambula n'kuziika pa telefoni kuti manesi ndi aziphunzitsi asankhe ali kwawo. Amati diresi likakhala pa hang'ala limaoneka ngati thumba la mbatatesi, ndiye amavala ndi mana Iolanda, wojambula n'kukhala ine. Timakoloweka nsalu yoyera kuseri kwa nyumba yawo dzuwa lisanakwere. Lamulo ndi limodzi, kudula mutu. Foto imayambira pakhosi kutsika, chifukwa bambo athu a Adérito ndi mkulu wa mpingo, sangalole nkhope ya mwana wawo kuyendayenda m'matelefoni. Za ntchitoyi sankadziwa n'komwe.

Tsiku lina m'belo munatuluka diresi lobiriwira la amayi oyembekezera. Pa mana linangoti lende.

"Likuoneka ngati neti ya udzudzu," anatero Tiya. "Iwe Leonor, pinda zitenje ziwiri um'mange pamimba."

Ndinamanga, ndinajambula, tinaseka mpaka misozi. Diresi linagulidwa tsiku lomwelo. Koma palibe anaganizira za chipsera cha moto chili padzanja la mana. Mutu tinadula, dzanja tinalisiya. Furancungo yense amachidziwa chipsera chimenecho.

Kwathu mimba yoyamba suuza mwini wake, amayamba kumuuza ndi azimayi akuluakulu. Ndiye aliyense amangomuyang'ana mana pamimba n'kukhala chete. Amayi anabisa mazira, poti woyembekezera sadya. Mana anandifunsa kuti, "Kodi ndanunkha? Bwanji anthu akundipatsa mpando paliponse?" Ine ndikanena, mwina ndalakwira mwambo. Koma mwambo umagwiranso mimba ya zitenje?

Lachisanu ndinamva bambo akuuza amayi kuti Lolemba mana asiya sikola, apita kumudzi ku Ntengo-Wambalame kukalima mbatatesi. Munthu ali dezima, kalasi ya khumi, mayeso ali pafupi. Ndinathamangira kwa Tiya, ndinapeza apita ku Tete kukagula belo, telefoni yawo osagwira.

Loweruka kunabwera a Gracinda, anamkungwi a kumpingo, ndi anzawo awiri. Anakhala pamphasa ndi amayi, bambo ali chapatali pampando. Asanamuitane mana ndinagwada.

"Amayi, mimba ija..."

"Khala chete, mwana satchula zimenezo," anatero a Gracinda.

"Koma ndinaimanga ndine."

"Iweyo? Mtsikana mnzake?" Anayang'anana. "Mwana uyu pakamwa pake mpamsika, dzulo lomweli amati a pulofesola a ku sikola akwatira kawiri."

Zoonadi ndinanena, ndipo akwatiradi, koma sinali nthawi yake. Ndinalowa m'nyumba, ndinapinda zitenje ziwiri, ndinazimanga pamimba panga mkati mwa diresi la amayi, n'kutuluka. Ndinayenda pabwalo uku ndi uku nditagwira msana, kuti aone bwinobwino mmene zimakhalira. Nthawi yomweyo pamsewu panadutsa shapa, minibasi yodzaza anthu ochokera kumsika, onse makosi kunja.

Ndinaulula zonse za mafoto a Tiya, bambo n'kuitana mana. "Ndi zoona umavala zovala za azakhali ako n'kumajambulidwa?"

"Eya, bambo. Koma mutu suoneka."

"Ndiye mwana wanga akuyenda m'matelefoni wopanda mutu?"

Mana anandiyang'ana, kenako anayang'ana mimba yanga, ndipo m'pamene anazindikira za mipando ija. Analira, kenako anaseka, kenako analiranso. A Gracinda anamukokera m'nyumba, anatuluka akupukusa mutu kuti iwo sanaone kanthu, koma mimba zina zimabisala kumsana.

Bambo agamula kuti mana apitebe ku sikola, koma pakatha miyezi itatu a Gracinda adzamuonanso, ndipo pakapezeka kanthu ulendo wa ku Ntengo ulipo. Zojambula zatha. Tiya abwera ndi belo latsopano, madiresi akujambulidwa pa hang'ala, sakuyenda malonda, ndipo akuti wolakwa ndine posadula dzanja.

Lero kuchigayo mayi wina wandipatsa mpando. Ndamva akunong'ona kuti si wamkulu uja, ndi wamng'onoyu, anthu a mu shapa anamuona ndi maso. Ine ndili kinta chabe, kalasi yachisanu. Amayi abisanso mazira, sindikudziwa ngati akubisira mana kapena ine.

Ndiye inu mundiuze, munthu amawaonetsa bwanji anthu kuti m'mimba mwake mulibe kanthu, pamene palibe akufuna kumufunsa?