Zala za Akalipentala

Chiwapezereni matenda a shuga, akalipentala anali asanadziyezepo okha. Imeneyo inali ntchito ya mwana wawo, dalaivala wa thiraki, amene ankakhala naye nyumba imodzi. M'mawa asanadye kanthu, mwanayo ankatulutsa kamakina koyezera shuga m'kachikwama kakuda n'kuwabaya chala, iwo maso ali kudenga. Koma sabata imeneyo dalaivalayo anatumidwa ulendo wautali, ndipo pakhomo panatsala iwo ndi mpongozi wawo.

Mpongoziyo anali wofatsa. Chikwatiwireni, macheza awo sankapitirira "mwadzuka bwanji" ndi "madzi ali kubafa". Akalipentala anachita manyazi kumutambasulira dzanja, choncho anazemba ndi kachikwama kaja kupita kushedi kwawo, kuseri kwa nyumba.

Anakhala pabenchi, analowetsa kapepala koyezera m'kamakinamo, makinawo n'kuyaka. Anagunditsa cholasira, kachida kokhala ndi kasingano kobayira, pansonga ya chala n'kudina. Ululu anaumva, koma magazi osaoneka. Zaka zogwira pulena ndi sowo zinali zitaumitsa khungu ngati chikopa cha nsapato. Anafinya mpaka panatuluka kadontho kosaoneka bwino, koma atakapaka pakapepala, kamakina kanangolemba zilembo zosamveka. Kapepala kachiwiri kanawapulumuka n'kugwera mu utuchi.

Pokweza maso anaona mpongozi ataima pakhomo, atanyamula beseni la madzi ofunda, sopo ndi kathawulo.

"Pepani bambo, ndakusokonezani. Muyambe mwasamba m'manja, madziwa afewetsa khungu."

"Zala zangazi zilibe magazi, apongozi. Zinasanduka matabwa."

"Thabwa nalo msomali umalowa, bambo."

Akalipentala anaseka chamumtima n'kuviika manja. Mpongozi anakoka kampando, anawapukuta bwinobwino, anaika kasingano katsopano n'kupotoza cholasira kuti chilowe mozamirapo. Sanabaye pansonga ayi, anabaya m'mbali mwa chala choyandikana ndi chaching'ono. Dontho linatuluka lokha, lofiira bwino, kapepala n'kuliyamwa. Onse anayang'ana pakamakina kudikira nambala.

"Zili bwanji?" anafunsa akalipentala.

"Yakwerako pang'ono, koma ili m'malire omwe adokotala ananena. Mumwe mankhwala, mudye, kenako mugwire ntchito yanu."

Iwo anayang'ana chala chawo, chimene sichinkapweteka n'komwe.

"Mwana wanga uja ndiye anakuphunzitsani?"

"Ayi. Malemu bambo anga analinso ndi shuga. Ndinkawayeza ndine mpaka pomaliza." Mpongozi anapinda kathawulo kaja pang'onopang'ono. "Nawonso ankayang'ana kumbali."

Akalipentala anali asanamvepo zimenezi. Bambo a mpongoziyo anamwalira ukwati usanachitike, ndipo iwo anali asanafunsepo za munthuyo.

"Ankagwira ntchito yanji?"

"Ankakonza mawotchi. Maso atayamba kuchita chidima, tizitsulo ting'onoting'ono ndinkawatolera ndine."

Anacheza mpaka madzi a m'beseni anazizira. Mpongozi anafotokoza za kasitolo kodzaza mawotchi olira mosiyanasiyana, akalipentala n'kumufotokozera za malemu mkazi wawo, amene ankadana ndi utuchi m'nyumba kuposa mphemvu.

Dalaivala atabwerako, anadzuka m'mawa kufunafuna kachikwama kaja m'kabati, osakapeza. Anakapeza kushedi, mkazi wake akuyeza kale akalipentala.

"Ndithandize, bambo?"

"Iwe dzanja lako ndi lolemera," anatero akalipentala osatembenuka. "Kaike ketulo pamoto."