Dzanja Limene Nthaka Inakana

Zitakwana zaka zisanu chimuikire Lambros m'manda, tsiku lomufukula linafika, ndipo mkazi wake Stamatia anadzuka ngati munthu wopita kukamva chigamulo cha mlandu umene akudziwa kale kuti wapambana. M'mudzi mwawo, kumapiri a Tesaliya, malo a manda ndi ochepa. Munthu amagonamo zaka zisanu, kenako amayi amamufukula, kutsuka mafupa ake ndi vinyo, n'kuwasunga m'bokosi kuseri kwa tchalitchi. Ndipo palibe wosadziwa kuwerenga mafupa. Akatuluka oyera, ndiye kuti Mulungu anakhululuka. Akatuluka akuda, mnofu uli kakaka, ndiye kuti nthaka yamukana mwiniwakeyo chifukwa cha tchimo kapena temberero.

Lambros anali wotsogolera nyimbo m'tchalitchi. Mawu anali nawo, pamenepo tisamunamizire. Akayambitsa nyimbo ya Lachisanu Loyera, amayi ankalira mpaka mipango kunyowa. Koma akafika kunyumba, dzanja lomwelo lotembenuza masamba a buku la nyimbo linkatola chikuni. Khutu lamanzere la Stamatia linagontha chaka chachiwiri cha ukwati. Zala zake ziwiri zinathyoka n'kupola zopindika, moti potunga fodya ankatsalira m'mbuyo mwa anzake onse. Mudzi wonse unkamva kukuwa kwake, mudzi wonse unkatseka mawindo, ndipo mawa lake ankamuuza kuti ali ndi mwayi wokwatiwa ndi munthu wa Mulungu. M'zaka zisanuzi Stamatia ankapempha chinthu chimodzi chokha: anthu amenewa adzaone ndi maso awo.

Kumanda kunadzaza amayi ovala zakuda. Stamatia anawayang'ana mmodzimmodzi ndipo ananyansidwa nawo onse. Marigo, mnansi wake wa khoma ndi khoma, anali atayamba kale kulira fosholo isanagunde n'komwe pansi. Misozi ya Marigo inali ya pampopi, yotsegula ndi kutseka malinga ndi amene akuyang'ana.

"Atuluka ngati phula la kandulo, muona," anatero Marigo uku akufwenthera. "Munthu ngati uja angelo anachita kumulimbirana."

"Tiona," anayankha Stamatia.

Wansembe, Bambo Serafimu, anaima kumutu kwa manda ndi ndevu zawo zachikasu ndi utsi wa fodya. Ameneyu ndi munthu amene tsiku lina Stamatia anamuonetsa mikwingwirima, iye n'kungoti aliyense ali ndi mtanda wake. Chiyambire tsiku limenelo Stamatia ankapsompsona dzanja lawo ngati momwe munthu amamezera mankhwala.

Wokumba anali Garifalia, mwana wamkazi mmodzi yekhayo wa Stamatia ndi Lambros, amene anabwera pa basi kuchokera kumzinda wa Larisa komwe ankasoka zovala. Fosholo itagunda matabwa owola, anaiika pambali n'kuyamba kufukula ndi manja. Chigaza chinatuluka choyamba, choyera mbee. Anachikulunga mu mpango n'kupatsira amayi aja, ndipo Marigo anachipsompsona mokweza kuti aliyense amve. Nthiti zinatuluka zoyera. Miyendo yoyera. Stamatia mumtima anati, kodi nayenso Mulungu ankatseka mawindo?

Kenako Garifalia anasiya kufukula. Anakhala kanthawi atawerama, n'kudzuka atanyamula mkono wamanja. Kuyambira pachigongono mpaka kuzala unali wakuda bii, khungu litauma ngati chikopa chakale, zala zitafumbata chibakera.

Mpopi wa Marigo unatseka wokha.

Stamatia anakondwera, tisabise. Analankhula mokweza monga amachitira anthu ogontha khutu limodzi.

"Ndi lomwelo limenelo. Mukulizindikira? Yandikirani, musachite manyazi. Ine ndimalidziwa bwino, tinakhala limodzi zaka makumi atatu."

"Ine ndinkanena kale," ananong'ona Marigo kwa woyandikana naye. "Maso ake aja sankandisangalatsa."

Ena anavomera ndi mitu. Pasanathe mphindi ziwiri mudzi wonse unali utakumbukira kuti unkanena kale. Stamatia anadikira zaka zisanu kuti amve mawu amenewa, koma atawamva analakalaka kulavula. Anthu omwewa anali atangopsompsona chigaza, milomo isanaume.

Bambo Serafimu anagwada movutikira m'mbali mwa dzenje, n'kuuyang'ana mkonowo nthawi yaitali.

"Anachimwa ndi dzanja ili," anatero. "Tonse tinkadziwa, ndipo woyamba kukhala chete ndinali ine. Zimenezo ndikayankha ndekha. Koma taonani, Mayi Stamatia, mafupa ena onsewa Mulungu wawalandira. Lokhali latsala. Pali wina analimanga."

"Musavutike n'kufufuza, Bambo. Ndine. Tsiku lomuika ndinawerama pabokosi, inu nonse n'kumati taonani chikondi. Ndinamuuza kuti dzanja limeneli nthaka isadzalidye."

"Ndiye limasuleni."

"Ndilimasule? Khutu langali liyamba kumva? Zalazi ziwongoka?"

"Ayi. Zimene tchimo linaswa zimakhala zoswekabe, mudzapita nazo kumanda momwemo."

"Ndiye iyeyu angodutsa ulere, chifukwa ankaimba bwino?"

"Sanadutse ulere. Wavulidwa pamaso pa mudzi wonse, ndipo dzina lake latha lero. Chiweruzo mwachiona. Koma Khristu anaferanso dzanja ili, ngakhale inu ndi ine sitikanalifera."

Stamatia anaseka kuseka kouma. Chifundo cha Mulungu chinamuonekera ngati cha agogo olekerera adzukulu, chosasankha, chotolera ndi zinyalala zomwe. Wansembeyo anafotokoza zimene aliyense ankadziwa kale: Stamatia akapanda kumasula, mafupa onse abwerera m'dzenje zaka zina ziwiri, kenako adzafukulenso.

"Abwerere," anatero Stamatia. "Zaka ziwiri, zaka khumi. Ine sindikuthamangira kulikonse."

Nthawi yonseyi Garifalia anali chiimire m'dzenje, dothi mpaka m'zigongono, mkono wa bambo ake uli m'manja. Palibe anaganiza zomulandira. Analankhula motsitsa, molunjika kukhutu labwino la mayi ake.

"Amayi, bambo akachoka muno, manda ano ndi anu. Ndipo wodzakufukulani ndi ine."

"Nanga ndani wina? Udzapeza mafupa oyera."

"Bambo akakumenyani n'kutuluka, inu munkatani?"

Garifalia anadziyankha yekha.

"Munkandifuna ine. Mwina ndataya madzi, mwina ndayang'ana moipa, chifukwa sichinkasowa. Tsiku lina munanditsekera m'khola la mbuzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndili m'kholamo inenso ndinanena mawu, amayi. Onga anuwo. Ndipo sindinanene kamodzi."

Amayi aja anatchera makutu ngati nkhuku zamva chimanga, koma Stamatia sanawaonenso. Zimene mwanayo ananena anali asanaziiwale, anangoziika pamulu wa machimo a Lambros, poti zonse zinkayambira kwa iyeyo. Zaka zonsezi ankadziwerengera kumbali ya omenyedwa basi. Tsopano anayang'ana m'dzenje muja, monyowa ndi mopapatiza, ndipo kwa nthawi yoyamba anaiopa nthaka.

Analanda mtsuko wa vinyo m'manja mwa Marigo mosapempha. Anagwada, n'kuthira pachibakera chakuda chija mpaka vinyo kuyenderera m'manja mwa mwana wake.

"Mulungu akukhululukire, iwe Lambros," anatero. Mawuwo anatuluka okhakhala, opanda kukoma kulikonse. "Inenso ndakumasula. Pita."

Anatembenukira wansembe. "Zakwana zimenezi? Mtima wanga sunasungunuke, ndikuuzireni."

"Mulungu amalandira ndi zotero zomwe," anayankha Bambo Serafimu, n'kuyamba pemphero lomasula akufa.

Amayi aja anapanikizana kuti aone ngati zala zija zitambasuke, kuti akapeze chokamba pachitsime. Stamatia analibe nazo ntchito. Anatambasula dzanja kuti amukoke Garifalia m'dzenjemo, ndipo nkhope zawo zitayandikana anafunsa monong'ona, mwamantha ngati mwana.

"Nanga iwe, mawu ako aja unamasula?"

Garifalia anapukuta manja pasiketi yake, n'kuwayang'ana mayi akewo m'maso.

"Ndikuyesetsa, amayi. Musafulumire kufa."