Thumba la Ufa pa Mpando wa Mwaiwawo

A Tarsizio Chimbalanga ankayendetsa basi mu Dublin, koma galimoto ya pamtima pawo inali Morris Minor yobiriwira ya mu 1966, imene ankaipukuta Loweruka lililonse kwawo ku Citywest ngakhale mvula ikuwaza. Atamva kuti mdzukulu wawo Mwaiwawo, wa miyezi isanu, akabatizidwa ku Dún Laoghaire, analengeza kuti mwanayo apita kutchalitchi pa Morris.

Mwana wawo Perpetua, mayi wake wa khandalo, anabwera ndi mpando wa mwana kuti akauyese. Anasuzumira kumbuyo kwa galimotoyo, nafufuza uku ndi uku.

"Adadi, malamba ali kuti?"

"Iyi inapangidwa nthawi imene anthu ankayendetsa mwaulemu. Malamba a chiyani?"

"Ndiye mpandowu ndiumangirira pati?"

"Iweyo unachoka kuchipatala ku Limbe pa minibasi, uli pamiyendo pa amayi ako, pambali pali nkhuku. Kodi unafa?"

"Wanga sakwera umu," anatero Perpetua.

A Tarsizio anapempha kuti awasiyire mpandowo masiku awiri okha. Anatenga zitenje ziwiri za akazi awo, Mayi Joy, nazizunguliza kumpando wakumbuyo, namanga mfundo zitatu zitatu mpaka thukuta kamukamu. Loweruka masana anaitanira banja lonse pamalo oimika magalimoto a maofesi, pomwe panalibe galimoto ina tsikulo. Pampando wa mwana anakhazika thumba la ufa limene Mayi Joy anagula ku Moore Street, naliveka kachipewa ka Mwaiwawo.

"Kulemera kwake n'chimodzimodzi," anatero. "Tsopano onani ndi maso anu."

Anayamba pang'onopang'ono, kenaka anafika pa liwiro la 30, naponda buleki ndi mphamvu zonse. Mfundo zinagwiradi, koma zitenje zinangotsetsereka. Mpando unagudubuka, thumba linauluka, linadutsa pakhutu pawo, n'kukaphulika pagalasi lakutsogolo. M'galimoto munangoti mbuu.

Chitseko chinatseguka, ndipo munatuluka munthu woyera kuyambira kumutu mpaka kunsapato, akutsokomola. Mlonda wa pamalopo, mzungu wachikulire, anabwera chothamanga nafunsa ngati aitane ambulansi kapena ozimitsa moto.

"Bambo a Perpetua," anatero Mayi Joy, "ufa umenewo unali wa alendo a paubatizo."

Perpetua anangowerama, natola kachipewa kaja pansi pa chiwongolero, nakakung'untha. A Tarsizio ataona kachipewako, naonanso thumba litang'ambika pakati, anakhala pansi pomwepo, pakonkire ponyowa.

Lolemba anapita ndi Morris kwa Kebby, makaniko wa ku Zambia yemwe ankadziwa magalimoto akale. Kebby anagona pansi pa galimotoyo ndi tochi, nagogoda apa ndi apo.

"Ba Tarsizio, malamba tingaike, si vuto. Koma lamba samangirira pa dzimbiri. Apa pansi pafunika kudula, tiwotcherere zitsulo zolimba. Tikatsiriza, mupite kwa anthu oyesa mipando ya ana, aone ngati mpando wanu ugwirizana ndi lambayo. Akakana, basi mwakanidwa."

"Ubatizo ndi Lamulungu likudzali."

"Manje ine nifuna masabata atatu." Kebby anatulutsa mutu, naona zitenje zikadali lende kumbuyo. "Nanga izi? Munali kumanga nkhuni?"

"Zisiyeni izo."

"Ndipo ufa uyu mu hita yotenthetsera galimoto wachoka kuti, mudala?"

A Tarsizio anayang'ana kumbali.

Lamulungu m'mawa Mwaiwawo anakwera galimoto ya mayi ake, mpando utayang'ana kumbuyo monga zimayenera. Amene anavuta tsopano anali a Tarsizio. Anagwedeza mpandowo kuti aone ngati ukusuntha, analowetsa chala pansi pa timalamba ta paphewa, anauza Perpetua kuti amuvule mwanayo jekete yokhuthala chifukwa Kebby anati imalepheretsa lamba kugwira. Atatseka chitseko anachitsegulanso kuti ayambirenso.

"Adadi, Misa ndi ya 11," anatero Perpetua. "Bambo Kalisto sabatiza mpando."

Mayi Joy anakana kukwera Morris, ati moyo wawo nawonso ndi umodzi. Choncho a Tarsizio anayenda okha pambuyo, atavala suti yakuda, magalimoto ena akuwaimbira hutala njira yonse.

Misa itatha anaimika Morris pafupi ndi doko la Dún Laoghaire, nazimitsa injini, napereka makiyi m'manja mwa Perpetua kuti asakayike. Apo m'pamene analoledwa kukhala kumbuyo ndi mdzukulu wawo pamiyendo kuti ajambulidwe. Wojambula asanakonzeke, a Tarsizio anamva kutentha pantchafu. Thewera linali litalephera ntchito, ndipo madzi anali kutsikira pachikopa cha mpando chimene sankalola munthu kudyerapo ngakhale bisiketi.

"Adadi, bweretsani ndimusinthe!"

"Musiye amalize," anatero a Tarsizio, akumwetulira kwa wojambula. "Jambulani, achimwene, miyendo musaionetse."