Purosesa Yatsopano ya Alamu

Katsabola atalowa m'shopu ya mlamu wake, anapeza muli zii. Makina opetera mabaji, amene kale ankagogoda mpaka mawindo kunjenjemera, anali du, singano zake zili m'mwamba. Pambali pake panali kompyuta yatsopano yopyapyala, pulasitiki yake isanamatulidwe n'komwe. Pabenchi, amayi atatu osoka anali atawerama, akupeta mabaji a sukulu ndi manja, achemwali ake a Katsabola, mkazi wa mwini shopuyo, ali pakati pawo.

"Wafika mlamu," anatero mwini shopuyo, akumwetulira ndi mano okha. "Tationera, pulogalamu yathu ija ikukana."

Liwu lakuti yathu linamuwotcha ngati khala. Pulogalamu yolamula makinawo anailemba yekha, ataphunzira pafoni yosweka sikirini, osalowa m'kalasi ya munthu. Itayamba kugwira ntchito, mlamu wakeyo anayamba kuuza makasitomala ndi antchito kuti ndi nzeru zake. Tsiku limene Katsabola anatsutsa, mtsikanayo anauzidwa pamaso pa onse kuti asadzapondenso pakhomopo.

Chaka chitatha anakumana pamaliro a azakhali. Bamboyo, ngati kuti palibe chinachitika, anamufunsa kompyuta yabwino kugula. Katsabola anatchula iyi, ya purosesa ya mtundu watsopano, ubongo wa kompyutayo, n'kuwonjezera kuti yakale ija aigulitse msanga. Amati safunsa anadya phula. Uyu anafunsa, koma phula anadyabe.

"Wogulitsa anati m'katimu muli womasulira," anapitiriza mlamuyo, "woti mapulogalamu akale aziyendabe."

"Sananame," anayankha Katsabola, manja ali m'thumba. "Purosesa yakale ndi yatsopanoyi zimamva zinenero zosiyana. Womasulirayo amathandiza za pamwamba, zolembera ndi zoonera zithunzi. Koma kachigawo kolankhula ndi makinawa kamakhala pansi penipeni, kumene iye safika."

"Ndiye titani?"

"N'zosavuta, alamu. Tengani khodi yoyambirira, zolemba zimene pulogalamuyo inachokera, muimangenso kuti purosesa yatsopanoyi iimve. Paja munailemba ndinu, eti?"

Mayi wina pabenchi anatsokomola chifuwa chimene analibe.

"Za m'banja sitikambira pagulu," anatero bamboyo motsitsa mawu.

"Pondithamangitsa gulu lake linali lomweli."

Achemwali ake anabaya singano pansalu, n'kumukokera m'kachipinda kosungira mipukutu ya nsalu. Munkanunkha mafuta a makina ndi fumbi la ulusi.

"Unkadziwa, iwe."

"Ndinkadziwa."

"Sukulu ikufuna mabaji isanatsegulire. Akatilanda ntchitoyi, amayi awa apita kukakhala kunyumba. Ana angawa si ako omwe? Taona zala zangazi."

Katsabola anaziona, zotupa, zoboola-boola kunsonga. Mtima unafuna kufewa, koma anaukaniza.

"Tsiku lija munali chilili pakhomo pomwepo, achemwali. Munayang'ana pansi."

Achemwaliwo anayang'ananso pansi.

Atabwerera m'shopu, Katsabola anaima pakati, pamene aliyense akanamuona.

"Ndikonza. Koma poyamba awa amve kuti anailemba ndani."

Mlamu wake anayang'ana mkazi wake, kenako mulu wa nsalu zosapeta umene unkafika m'chiuno. Anang'ung'udza zosamveka.

"Kwezani mawu, alamu. Makina ali chete, palibe chokusokonezani."

"Anailemba ndi mlamu wangayu," anatero, thukuta likutsika m'khosi. "Ine sindidziwa ngakhale poyambira. Ndinanama."

"Ife tinkadziwa kale, bwana," anatero mayi wamkulu pa osokawo, osadzutsa mutu. "Inu foni ikangozima mumafunsa ife."

Kuseka kunayenda pabenchi monong'ona. Katsabola sanaseke nawo. Anali atadikira mawu amenewo chaka chathunthu, ndipo anafuna kuwamva kukoma kwake mpaka kumapeto, ngati munthu wotafuna fupa.

Anakhala pampando, natulutsa fulashi m'thumba. Panalibe chomanga. Pulogalamu yatsopanoyo anali ataimanga kale kunyumba, mlamu wake asanapite n'komwe kukagula kompyutayo. Anaikopera, nadina batani. Makina anadzidzimuka, singano zinatsika, ndipo mutu wa mkango wa pabaji unayamba kuoneka pansalu yabuluu, ulusi pa ulusi. Amayi aja anawongola misana.

"Khodi ija utisiyirenso pomwepo," anatero mlamu wake, mawu aubwana atayamba kubwerera.

Katsabola anazula fulashiyo, naifumbata.

Achemwali ake anamutsatira mpaka pakhonde, phokoso la makina likuwamenya kumsana.

"Kodi zimenezi zidzachitikanso?"

"Opanga makompyuta sakhazikika. Pakapita zaka adzasinthanso purosesa."

"Ndiye tsiku limenelo?"

"Adzandiitana. Mwaulemu."

"Ndiwe wouma mtima, mng'ono wanga."

Katsabola anagwira dzanja lotupa lija, nalisisita pang'ono ndi chala chachikulu, kenako analisiya. Anatsika masitepe n'kulowa mumsewu wodzaza njinga ndi fumbi, nkhonya yake ili chifumbatire. Anali atasiyira mlamu wake ufa wokha. Mbewu, khodi ija, anapita nayo.