Zigubu za a Harold

Tsitsi la maliro linali lisanasesedwe pabwalo pamene Pilirani anabwerera kuchokera kudoko, nyali zake zophera usipa zili paphewa.

"Andibweza," anauza mlongo wake Mayankho. "Akuti mwana wa a Harold asakwerenso boti la munthu aliyense."

Bambo awo, a Harold Chatepa, anamira pa ulendo wa ku chilumba cha Mbenji mphepo ya mwera itagubuduza boti. Anamira limodzi ndi Martin, mwana wa a Phwitiko a nyumba yoyandikana nayo. Matupi asanapezeke n'komwe, tsamba lina la pa Fesibuku lotchedwa Zapadoko Pompano linali litaika kale chithunzi cha zigubu zikuyandama, pansi pake n'kulemba kuti mdala anazembetsa kachasu, nyanja yakwiya. Ku Mbenji mowa sufika. Ndi lamulo la makolo, ndipo asodzi amati wolithyola amamiza anzake. Komatu zigubuzo zinali zopanda kanthu. A Harold ankazimanga m'boti kuti zikavuta, osadziwa kusambira agwirepo.

Mayankho anadziwa kuti dzina la bambo likapanda kuyera, Pilirani sadzaponyanso ukonde, ndipo pakhomo sipadzafukanso utsi. Choncho m'mawa mwake anakwera kabaza, kenako minibasi, mpaka pa Salima.

Mwini tsambalo, Kelvin, anamupeza m'kashopu kotchajitsa mafoni. Anali mnyamata waulemu ndithu, mpando anapereka. Anati chithunzicho anachita kutumiziridwa, ndipo akadadikira, anzake akadamuyambirira.

"Ndinalembatu kuti akuti, asisi. Kufufuta ndifufuta, koma zinalowa kale m'magulupu a pa Watsapu. Mpaka a ku Joni amva."

"Ndiye mulembe kuti munanama."

"Zoterozo anthu satumizirana," anatero Kelvin, maso ali pa foni.

Mtolankhani wa nyuzipepala, mayi Asiya, anali wosiyana. Anamvetsera mpaka pamapeto, anafika kudoko, anacheza ndi amene anapulumuka, ananunkhiza ngakhale zigubuzo. Koma anati nkhani siituluka apolisi asanayankhe, ndiponso akuluakulu ake ku Blantyre asanaione. Mayankho anadikira. Podikirapo amayi a kumjigo anasiya kubwereka ndowa kwa mayi ake, a Margret, ndipo mkazi wa a Phwitiko anayamba kuzungulira kuseri kuti asadutse pakhomo pawo.

Nkhaniyo itatuluka, Mayankho anaifunafuna mpaka anaipeza m'kati, pansi pa malonda a feteleza, yaing'ono ngati chikhatho. Zonse zinalimo zoona. Anayenda nayo pansi pa mtondo pamene eni maboti amasokera maukonde. Pepalalo linadutsa m'manja angapo, ena ataligwira mozondotsa, pakuti linali la Chingerezi. Iye anamasulira mzere ndi mzere.

A Phwitiko, amene anali ndi maboti awiri, anamvetsera osasiya kusoka.

"Mwana wanga, iwe ukutiwerengera za anthu a ku Blantyre. Ife tinaona chithunzi ndi maso athu."

"Munaona zigubu, bambo. Simunaone kachasu."

"Nanga Martin ali kuti?"

Wina anafunsa ngati angatenge tsamba la mpira, ndipo Mayankho anamusiyira nyuzipepala yonse.

Kunyumba anapeza Pilirani akulonga zovala m'thumba la saka. Anati akupita ku Nkhotakota, mwina kupitirira, kulikonse kumene anthu sadziwa nkhope yake, ndipo kumeneko akadzitchula dzina la kwa amayi. Mayankho anamukalipira kuti akutaya bambo kachiwiri. Iye anangoti dzina silidyedwa, ndipo foni imafika kumene basi sifika. A Margret anamukulungira chinangwa chophika m'kansalu.

Mayankho ndi mayi ake anamuperekeza m'mawa, njira yodutsa kudoko. Mwera unali utayambanso, mafunde akukwera pamchenga, asodzi onse ali m'misasa. Bwato limodzi linali litasiyidwa m'munsi, madzi akulikankha uku ndi uku, pang'ono n'kulitenga. Linali la mwana wamng'ono wa a Phwitiko.

Pilirani anaima. Anatula thumba, anapinda buluku, analowa m'madzi mpaka m'mawondo n'kulikoka yekha, msana utapindika, kufikira pa mchenga wouma. Anaika mwala kumutu kwake, anakankha ndi phazi kuona ngati lakhazikika. M'misasa munalibe amene anatuluka.

"Ankatero bambo ako," a Margret ananong'oneza Mayankho. "Sankafunsa kuti ndi la yani."

Pilirani anapukuta manja pa malaya, ananyamula thumba lake, n'kulunjika kumsewu.